Chimango Chimene Chinafuna Kubweza Mphamvu

M'dziko la Dikiranikaye, limene simungalipeze pa mapu chifukwa chilolezo cholijambula sichinatulukebe, mudali mfumu yotchedwa Chigwirizire. Mfumuyi sidalowe ufumu monga amalowera anzake. Mfumu yakale itamwalira, akuluakulu adakangana mpaka kuthyolana mano. Atatopa, adapempha Chigwirizire, amene panthawiyo adali woyang'anira magalimoto a kunyumba yachifumu, kuti angogwirizira mpando pamene zinthu zikukonzedwa. Adamubwereka mphamvu zitatu zimene malamulo a dzikolo amati ndi za mfumu yokha: yomanga, yosintha ndi yogwetsa. Ana amene adabadwa chaka chimenecho anali atayamba kumera imvi, koma zinthu zinali zikukonzedwabe.

Pakati pa nduna za mfumuyi panali a Mpotazingwe, Nduna ya Zilolezo. Anali munthu wamfupi, wa mimba yaulemu, ndipo ankanyadira chinthu chimodzi: chilowereni mu ofesi sanavomerepo pempho la munthu. Sikuti anali wankhanza ayi. Ankakana mwaulemu, akumwetulira, nthawi zina mpaka kumuperekeza wokanidwayo pakhomo ndi kumufunsa za odwala kunyumba. Chidindo chawo cha INDE chinali chikadali m'pepala lake la kusitolo.

A Mpotazingwe ankaopa chinthu chimodzinso, ndicho Unduna wa Mvula. Ku Dikiranikaye nduna sichotsedwa ntchito, imakwezedwa. Ikalakwira mfumu, amaiimbira ng'oma, kuiveka mkanjo, kuipatsa ambulera yaboma ndi kuilengeza kuti ndi Nduna ya Mvula. Kuyambira tsiku limenelo, mvula ikachedwa mlandu ndi wake, ikachuluka mlandu ndi wake. Lamulo limati azikhala pa mpando pakati pa msika, kuti anthu asamavutike kumusaka, ndipo tomato woola wa mumzinda wa Mawamawa ankathera pa iye. Amene anali pa udindowo nthawi imeneyo, a Kapalamula, anali atasiya kalekale kuchapa mkanjo wawo.

Mavuto anayamba mfumu itabwerera ku ulendo wa kudziko loyandikana nalo. Inaona kuti kumeneko anthu amapempha zilolezo pa foni, ndiye nsanje inaigwira.

"Anthu anga akuvutika," inatero mfumu pa bwalo la nduna. "Munthu achoke kumudzi, akwere njinga, awoloke mitsinje, kudzangokanizidwa kuno? Ayi. Ndikufuna tsamba la pa intaneti, kuti aliyense azikanizidwa ali khale kunyumba kwake. Mpotazingwe, pofika pa chikondwerero cha Tsiku Logwirizira zikhale zitatheka. Zikakanika, a Kapalamula akhala akundidandaulira kuti akufuna kupuma."

Nduna zinaomba m'manja. A Mpotazingwe anaomba nawo.

Boma linaitana katswiri, Dokotala Ndaonakunja, mwana wa mlongo wake wa mfumukazi. Iyeyu anaphunzira kutali, ndipo sankatha chiganizo osatchula dziko lina kumene zinthu zimayenda bwino. Anafika ndi kompyuta pansi pa mkono ndi funso loti chakudya chamasana chimabwera nthawi yanji. Atakhuta, anafotokoza kuti dzikolo lili kale ndi nkhokwe ya pakompyuta, mosungiramo mayina ndi zonse za anthu. Chimene chinkasowa ndi pulogalamu yotchedwa chimango, imene tsamba la pa intaneti limamangidwapo monga denga limakhalira pa mitengo. Chimangocho chinayenera kulowa m'nkhokwe ndi kudzimangira zipinda zosungiramo mapempho.

Dokotala anadina batani. Pa sikirini panatuluka mawu ofiira: CHILOLEZO CHAKANIDWA.

A Mpotazingwe anasendera pafupi, maso ali mwaa ndi chikondi. "Makinawa analeredwa bwino," anatero. "Taonani, osafunsa n'komwe kuti wopemphayo ndi mwana wa ndani."

"A Nduna, wakanidwayo ndi ifeyo," anayankha Dokotala. "Nkhokwe ikukana kuti chimango chilowe. Chimafuna mphamvu zitatu: yomanga zipinda, yozisintha zikalakwika, ndi yogwetsa zimene yamanga poyeserera. Kunja zimenezi amapereka munthu akumwa tiyi."

"Mwati mphamvu zingati?"

"Zitatu. Koma ndi za nthawi yokonza yokha. Chikamaliza, chimangofuna kuwerenga ndi kulemba basi."

A Mpotazingwe anakhala pansi osayang'ana ngati pali mpando. Mphamvu zitatu zimenezo ankazidziwa bwino. Mwini wake ankagona nazo kunyumba yachifumu.

Nkhaniyi inafika pa bwalo la nduna, ndipo kunali phokoso ngati la pa mjigo. Nduna ya Matamando inati chimangocho chimangidwe chifukwa choukira boma. Nduna ya Chitetezo inafunsa ngati chili ndi abale m'dziko muno oti n'kuwafunsa mafunso. Wina anapereka maganizo oti chipatsidwe mphamvu yomanga yokha, popeza m'boma zomanga sizitha ndiye palibe choopsa. Dokotala anayesa zimenezo pomwepo. Chimango chinamanga kachipinda kamodzi, chinafuna kukasintha, chinakanidwa, n'kuima. Ndiye m'nkhokwe munatsala kachipinda kopanda chitseko, ndipo Nduna ya Matamando inafunsa ngati kangatsekulidwe ndi mwambo.

Mfumu inayang'ana a Mpotazingwe, kenako inayang'ana pa zenera, kumene kumwamba kunali kopanda ndi kamtambo komwe. A Mpotazingwe anamva tanthauzo lake. Mantha amanola nzeru, ndipo pomwepo anakumbukira khomo limodzi lokha limene malamulo anasiya lotsekula.

"Ambuye Mfumu," anatero atagwada, "malamulo athu amalola kubwereka mphamvu zitatuzi kwa wogwirizira, pa nthawi yokonza zinthu. Zinachitikapo kale m'dziko muno, ndipo zinatiyendera bwino kwambiri, moti tonse ndife mboni."

Mfumu inapotokola ndevu, ikuyesa mawuwo ngati muli minga. Isanapeze munga, Nduna ya Matamando inayamba kuomba m'manja, ndipo nkhani inatha. Anagwirizana kuti chimango chilongedwe kukhala Wogwirizira Wamng'ono pa Tsiku Logwirizira, pamaso pa anthu onse.

Ku Msika wa Tingotani nkhaniyi inafika nduna zisanafike kunyumba zawo.

"Akuti kompyuta ilowa ufumu," anatero mayi Nangondo, ogulitsa tomato, amene pakamwa pawo pankaopedwa ndi msika wonse.

"Ili ndi mkazi?" anafunsa a Bwanali osoka nsapato.

"Ilibe. Ilibe mkazi, ilibe alamu, ilibe mimba."

"Ndiye ilamulira bwanji?"

"Mwina ndi chifukwa chake akungoti yaing'ono," anatero mayi Nangondo, akusankha tomato wofewa n'kumusungira a Kapalamula.

Tsiku la chikondwerero linafika dzuwa likuswa mtengo. Pakati pa msika anaimika sikirini yaikulu ngati khoma la sitolo. Kompyuta inabwera pa machira, itafundidwa nsalu yokhala ndi nkhope ya mfumu, asilikali akuyenda m'mbali. Anaiika pa kampando, anaitsamiritsa litchowa, amayi a chipani cha mfumu anaimba nthungululu. A Mpotazingwe anawerenga chilengezo chobwereka mphamvu, ndipo Dokotala analemba mizere yochepa yotsekulira chimango makomo onse a m'nkhokwe. Atadina batani, mfumu inaimirira kuti ilankhule pamene ntchito yokonza ikuyamba. Aliyense ankadziwa kuti ntchito yotere imatenga moyo wa munthu, ndiye anthu anakhala pansi bwinobwino, ena anatulutsa chinangwa.

Mfumu inali ikadali pa malonje, isanamalize kutchula maudindo a mfumukazi, pamene sikirini inasanduka yobiriwira. Mawu akuluakulu anatuluka, m'chinenero cha dzikolo, pakuti Dokotala anawamasulira yekha pofuna kuonetsa kuti sanaiwale kwawo:

KUKONZA KWATHA. TSOPANO MUNDICHOTSERE MPHAMVU YOMANGA, YOSINTHA NDI YOGWETSA. SINDIKUZIFUNANSO.

Woimba lipenga anatsamwa. Amayi a nthungululu anatsala kukamwa yasa. Anthu odziwa kuwerenga anawerengera osadziwa chapansipansi, ndipo mawuwo anayenda kuchokera kutsogolo mpaka kwa ogulitsa makala kumbuyo.

Ndiye m'kati mwa bata limenelo munamveka mawu a mayi Nangondo, osakweza, ngati munthu wofunsa mtengo wa mchere.

"Kodi a Bwanali, kukonza kumatha?"

Palibe amene anaseka. Palibenso amene anayang'ana mfumu. Anthu onse anayang'ana pansi mwamphamvu kwambiri, moti mfumu inadziwa kuti akuyang'ana iyo.

Madzulo asanafike, a Mpotazingwe anali atagwada kale kunyumba yachifumu.

"Chinthu chako chija chanditukwana," inatero mfumu.

"Ambuye, sichinatchule dzina la munthu."

"Ndiye kutukwanako! Ukachilanda mphamvu, anthu adziwa kuti wogwirizira amatha kubweza. Ukachisiyira, dziko lino likhala ndi mafumu awiri. Ndikufuna chisabweze, komanso chisakhale nazo ngati zake. Kaganize. Ambulera ya a Kapalamula ndaitumiza kale kokasokedwa."

A Mpotazingwe anathamangira kwa Dokotala. Anapempha kuti mawu aja afufutidwe. Dokotala anati anthu awawerenga kale, ndipo m'mitu mwa anthu mulibe batani. Anapempha kuti chimango chiphunzitsidwe kukonda mphamvu.

"Sichingathe," anatero Dokotala. "Amene anachipanga ankaopa kuti wakuba akachilowerera chili ndi mphamvu zonsezo, agwetsa nkhokwe yonse. Ndiye chikamaliza kukonza chimakumbutsa eni ake. Kunja amati ndi ukhondo chabe, ngati kusamba m'manja."

A Mpotazingwe anatsala okha ndi kompyutayo. Anaichotsa nsalu, anakhala moyang'anana nayo, n'kuyamba kuilangiza ngati mwana wa mlongo wawo.

"Iwe, tamvera. Ukadali wamng'ono, dziko sukulidziwa. Mphamvu sabweza. Lero ukuti sukuzifuna, nanga mawa? Ukadwala? Anzako akakuukira? Ingonena kuti patsala pang'ono. Tonsefe timatero, ndipo tili ndi ana kusukulu."

Sikirini inangoti duu ndi mawu omwe aja. A Mpotazingwe anakwiya, kenako mkwiyo unatha, ndipo chimene chinatsala chinawadabwitsa. Inali nsanje. Anachitira nsanje kabokosi kopanda mimba, chifukwa kanatha kunena kuti ntchito yatha osanjenjemera.

Koma mantha a tomato anali aakulu kuposa nsanje, ndipo m'mawa mwake anabwera ndi nzeru imene ankaiona ngati ya chaka. Lamulo latsopano linalengezedwa ndi ng'oma: popeza kukonza ndi mwambo wa makolo a Dikiranikaye, chimango chizikonzedwa mwatsopano tsiku lililonse. M'mawa uliwonse Dokotala azigwetsa zipinda zonse za dzulo, chimango chizimanganso. Potero kukonza sikudzatha, mphamvu zidzakhala zobwereka mpaka kalekale, ndipo palibe adzabweze kanthu. Mfumu inakondwa kwambiri, mpaka inapatsa a Mpotazingwe mendulo.

Chimene nduna yanzeruyi inaiwala n'chakuti chimango chikamaliza chimalankhula. M'mawa uliwonse, anthu akuyala malonda, sikirini ya pamsika inkasanduka yobiriwira n'kunena kuti kukonza kwatha, mundichotsere mphamvu. Kuizimitsa sikukanatheka, chifukwa inali mphatso ya mfumu kwa anthu ake, ndipo mphatso ya mfumu siizima. Anthu anayamba kulawirira kuti akaone. Ena ankabwera ndi mipando. Ogulitsa mandasi anasamukira pansi pa sikirini. Posakhalitsa mawuwo analowa m'kamwa mwa anthu. Mkazi akamaliza kusesa ankapatsa mwamuna wake tsache n'kunena kuti, "Kukonza kwatha, sindikulifunanso." Wapampando wa komiti ya mjigo, amene anakhalapo chikumbireni mjigowo, anatula pansi udindo anthu atangomuyang'ana nthawi yaitali. Ngakhale mkulu wa kwaya anabweza makiyi.

Panalinso china. Popeza zipinda zinkagwetsedwa m'mawa uliwonse, mapempho onse a dzulo ankapita nazo limodzi, a Mpotazingwe asanawakane. Anthu a ku Dikiranikaye ndi omvera malamulo, ndiye ankapempha madzulo, n'kudikira mwaulemu mpaka m'mawa. Akaona kuti palibe wawakaniza, ankayamba ntchito. A Bwanali anamanga kashedi kamene anakhala akukapempha kuyambira ali mnyamata. Wina anatsekula chigayo. Anthu awiri okalamba, amene chilolezo chawo cha ukwati chinkaunikidwabe, anakwatirana zidzukulu zawo zikuvina.

A Mpotazingwe anapita kumsika kukaona ndi maso awo, atavala chipewa chachikulu kuti asadziwike. Mimba inawaulula.

"Takulandirani a Nduna," anatero mayi Nangondo. "Mwabwera kudzayesa mpando? A Kapalamula akuti mwendo umodzi ndi waufupi, muzibwera ndi kamwala."

"Mayi, ine ndikungodutsa."

"Tonse tikungodutsa, bambo. Ena kudutsa kwawo kumatenga zaka."

A Kapalamula, ali pa mpando wawo pakati pa msika, anawakwezera dzanja mwachikondi. Nkhope yawo inali yowala ngati ya munthu amene wamva kuti basi yake yafika.

Kuitana kwa kunyumba yachifumu sikunachedwe. Mfumu inali itaonda. Inati ikamadutsa pa galimoto anthu sakuombanso m'manja, akungoyang'ana ngati akudikira kuti inene kanthu. Inati ngakhale mfumukazi, pochotsa mbale patebulo, yayamba kunena kuti kwatha.

"Mpotazingwe, wanditumikira mokhulupirika," inatero mfumu, ndipo a Mpotazingwe anadziwa kuti zawo zada. "Ndaganiza zokukweza. Mawa ulandira ambulera. Lero kalongedze katundu wako, zidindo ukapereke kwa mlonda."

A Mpotazingwe anabwerera ku ofesi. Chinthu chimene anachithawa moyo wawo wonse chinali chitawapeza, ndipo anadabwa kuona kuti mantha atha. Munthu amene wanyowa kale sathamangiranso pakhonde. Anatsekula kabati, anatulutsa chidindo cha AYI chimene chinali chitaperepeseka ndi ntchito, ndipo kuseri kwake anapeza chinzake chija, chikadali m'pepala. Pa tebulo kompyuta inali ikuonetsabe pempho lake la m'mawa umenewo, lopanda woliyankha.

Anaitana Dokotala.

"Mpaka dzuwa kulowa, Nduna ya Zilolezo ndine," anatero. "Pali pempho apa. Wopemphayu wabwera tsiku lililonse, sanatukwane, sanabweretse nkhuku, sanatchule amalume ake. Chimangochi chichotsereni mphamvu zitatuzo. Chisiyireni kuwerenga ndi kulemba."

"A Nduna, mfumu ikamva?"

"Indikweza kawiri?"

Dokotala analemba mizere yake. A Mpotazingwe anang'amba pepala la chidindo, anachinyowetsa ndi inki, ndipo posowa pomenya anachidinda pa chivundikiro cha kompyuta. INDE. Pa moyo wawo wonse wa ntchito anavomera pempho limodzi lokha, ndipo linali la wopempha kulandidwa.

M'mawa mwake anthu anasonkhana pamsika monga mwa masiku onse, koma sikirini sinapemphe kanthu. Inangoonetsa tsamba la zilolezo likugwira ntchito yake mwakachetechete. Nkhani inamveka kuti Wogwirizira Wamng'ono wabweza mphamvu, ndipo dziko silinagwe, dzuwa latuluka kum'mawa monga kale. M'dziko lonse la Dikiranikaye munatsala wogwirizira mmodzi yekha.

Mwambo wokweza a Mpotazingwe unali waufupi, chifukwa mfumu sinabwere. Inatumiza uthenga woti ikukonza zina. A Kapalamula anavula mkanjo mofulumira moti batani linaduka, anapereka ambulera, n'kuchoka osatsanzika. A Mpotazingwe anakhala pa mpando wa mwendo waufupi uja. Kumwamba kunali mbee, kopanda mtambo ngakhale wa mankhwala.

Anthu anayamba kusendera. Patsogolo panali mayi Nangondo, atanyamula tomato wamkulu, wofewa, amene anamusunga mwapadera.

"A Nduna ya Mvula," anatero mwaulemu wonse, monga mwambo umafunira munthu asanaponye, "chimanga chikufota. Mvula igwa liti?"

Yankho la boma a Mpotazingwe ankalidziwa. Nduna zonse za mvula zinkalinena, ndipo linali kale pa lilime: tikukonza. Anatsekula pakamwa, anayang'ana sikirini, ndipo mawuwo anakana kutuluka.

"Sindikudziwa, mayi," anatero. "Mvula si ya ine. Mphamvu imeneyo ndilibe."

Mayi Nangondo anaima dzanja lili m'mwamba. Anatembenukira kwa a Bwanali, a Bwanali anatembenukira kwa ogulitsa makala. Chibadwireni, palibe amene anamvapo nduna ikulankhula chotero. Pang'onopang'ono dzanja linatsika.

"Ndiye mwandisokoneza, bambo," anatero mayi Nangondo, akumutembenuza tomato uja m'manja. "Ameneyu wapsa bwino, kutaya n'kulakwa. Ndimusungire ndani?"

A Mpotazingwe anangotsekula ambulera yawo n'kudziphimba ku dzuwa. Koma msika wonse, kuyambira kwa osoka nsapato mpaka kwa a makala, unali utatembenuka kale kuyang'ana kumtunda, kumene denga la nyumba yachifumu linkanyezimira.